Disiki Yogona Kunyumba

Uthengawo unandipeza ndikusesa mu situdiyo ku Metangula. Anabwera nawo ndi mayi wina wogulitsa usipa, amene anangosuzumira pakhomo beseni lili pamutu, n'kunena kuti atate a ku Msumba akuti makina akulira. Ndinamufunsa kuti akulira bwanji. Anati iye sanawamve, wangotumidwa, ndipo anapitirira ulendo wake wa kumsika.

Masiku amenewo ndinkayang'anira makompyuta a kabungwe kathu kojambula mawu. Tinkajambula nyimbo za makwaya, nkhani za asodzi, ndi zokumbukira za anthu amene anathawira ku Malawi pa nkhondo n'kudzabwerera, kenako tinkazipereka kuwailesi. Kompyuta yaikulu, imene tinkaitcha sevidori, inali ku Metangula. Ina inali ku Kobwe, ina ku Msumba, ndipo iliyonse ya ziwirizi inali ndi disiki yakeyake yolumikiza ndi chingwe, yoti izisunga kope la zonse zojambulidwa kumeneko. Ine ndinali nditangolowa ntchitoyo. Zamakompyuta ndinaphunzira pang'ono ku Lichinga, zotsalazo ndinaziphunzira mwa kuwononga ndi kukonza. Ndinenenso kuti ndine wa mtima wapachala. Amayi anga amati ndinabadwa ndikukangana ndi azamba, ndipo sindinawatsutsepo.

Amene ankasunga kiyi wa kachipinda kojambulira ku Msumba anali bambo wina wachikulire, amene tonse tinkangowatcha atate. Kwa zaka zambiri iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi cha pamishoni. Ankadziwa nyimbo zakale zija za m'Chinyanja cha kunyanja, zimene mawu ake ali m'buku koma kaimbidwe kake kali m'mitu ya anthu ochepa. Ndili mwana, titangobwera kuchokera ku Likoma kumene ndinabadwira makolo anga ali othawa, ndinkawamva akuimba ndili panja pa tchalitchi, mawu awo akutulukira m'mawindo mpaka kumene amayanika makoka. Kenako matenda a pakhosi anawagwira. Anapita kuchipatala, anabwerako amoyo, koma mawu anatsala komweko. Tsopano ankangonong'ona, ndipo kuti uwamve unkayenera kupendeketsa mutu.

Mwamwayi, asanadwale, anzanga amene analipo ine ndisanabwere anawajambula akuimba nyimbo zonsezo, imodzi imodzi, okha, masana ambiri. Ndiye kuti mawu a atate anali atatsala malo amodzi okha padziko, m'makina amene tsopano ankati akulira.

Ndinakwera mota, njinga yamoto, m'mawa wotsatira. Unali mwezi wa mwera, fumbi likuwuluka, ndipo mumchenga wa kufupi ndi Msumba ndinatsika n'kumakankha, ndikutukwana motayo ndi amene anaigula. Ndinawapeza atate atakhala pakhonde la kachipindako atavala jekete lawo la ku tchalitchi, ngati akudikira alendo a ku boma.

"Mwafika, mwana wanga," ananong'ona. "Lowani mumve nokha."

Anayatsa kompyutayo. Inadzuka mochedwa, kenako m'kati mwake munayamba kumveka tsa, tsa, tsa, ngati nkhuku ikujompha chimanga pa lata. Phokoso limenelo ndinali nditalimvapo kale. Ndi disiki ya m'kati ikamafa, ndipo siiuza munthu kuti yatsala ndi sabata kapena ola.

"Atate, makinawa akutha," ndinatero. "Koma musade nkhawa. Bola kope lilipo. Disiki ija ili kuti?"

Nkhope yawo inawala. Anatsegula thumba lachikopa limene linali pamapewa awo, natulutsa kanthu kokulungidwa m'nsalu yoyera, nsalu yochapa bwino, yosita. Anaifunyulula pang'onopang'ono patebulo. Disikiyo inali ngati yatsopano, yopanda ngakhale kachidindo ka chala.

Anandifotokozera, ine nditapendeketsa mutu, kuti chiyambire tsiku limene anapatsidwa kiyi, disikiyo sinagonepo m'kachipindako. M'mawa ankabwera nayo n'kuilumikiza, madzulo ankaichotsa n'kupita nayo kunyumba. Mvula ikagwa ankaiika m'jumbo n'kuibisa m'kati mwa malaya. Atapita kuchipatala anaisiya m'manja mwa mwana wawo wamkazi, atamulumbiritsa. Anati pa nkhondo anaphunzira chinthu chimodzi: zimene anazisiya m'nyumba zokhoma bwino sanazipezenso, koma zimene ananyamula m'bwato zilipo mpaka lero.

Ndinawayamikira, ndipo ndinkanena zoona. Ndinalumikiza disikiyo, kanyali kake kanayaka, ndinaitsegula.

Munalibe kanthu.

Ndinaganiza kuti mwina maso anga. Ndinaichotsa, ndinaibwezera, ndinasintha chingwe. Ndinailumikiza ku laputopu yanga. Inali yopanda kanthu monga inachokera kusitolo. Thukuta linayamba kutsika kumsana ngakhale kunali mwera. Atate anali ataima kumbuyo kwanga, manja kumbuyo, akuyang'ana pa sikirini ndi chikhulupiriro cha munthu amene sawerenga zolembedwapo koma akudziwa kuti wachita mbali yake.

Ndinatsegula pulogalamu yosunga makope kuti ndione chinachitika n'chiyani, ndipo sizinatenge nthawi. Katswiri amene anadzaika makinawa, munthu wa kumzinda amene ine sindinakumanepo naye, anakonza zoti zojambulidwa zonse, za ku Msumba ndi za ku Kobwe, ziziyenda pa netiweki kupita ku disiki ya sevidori ku Metangula. Madisiki a kumidzi anangowalumikiza, osaiuza pulogalamuyo kuti alipo. Mwina ankati adzabweranso kudzamaliza. Mwina kwawo netiweki ndi msewu wa tala. Kuno kwathu redi, monga timaitchulira, imabwera ikafuna, ndipo mphepo ikawomba imathawa. Madzulo aliwonse pulogalamuyo inkayamba kutumiza nyimbo ku Metangula, redi inkaduka, ntchito inkafa, mawa lake n'kuyambiranso poyamba. Palibe tsiku limene inamaliza. Ku Metangula anthu ankaona zizindikiro zofiira n'kumati palibe vuto, ku Msumba kuli disiki. Ku Msumba atate ankanyamula disikiyo n'kumati palibe vuto.

Bodza linali pafupi kwambiri. Ndikanatha kunena kuti zonse zili bwino, n'kukonza mwakachetechete, iwo osadziwa. Koma makinawo ankalirabe tsa, tsa, ndipo akanafa madzulo omwewo bodza langa likanafa nawo limodzi.

"Atate, khalani pansi," ndinatero.

Anakhala. Ndinawauza zonse, mosazungulira. Ndinati vuto si lawo, palibe chimene analakwitsa, pulogalamu ndiyo sinauzidwe kuti izilemba m'disiki yawo. Anamvetsera osaphethira. Kenako anatenga nsalu yoyera ija, naipinda pawiri, naipindanso, naisalaza ndi chikhatho pa bondo.

"Ndiye nthawi yonseyi ndinkanyamula chiyani?" anafunsa.

Ndinamva chisoni, ndipo kwa ine chisoni sichichedwa kusanduka ukali. Ndinatuluka panja ndi foni.

Ku Msumba, ukafuna kulankhula pafoni osaduka, umakwera chulu chimene chili kuseri kwa sukulu. Ndinakwera pamenepo n'kuimbira mnzanga wa ku situdiyo, mayi amene ankakonza mapulogalamu a wailesi, woleza mtima kuposa ine kutalitali. Malamulo onse a pulogalamu yosunga makope amakhala pa sevidori, choncho kusintha kunayenera kuchitikira kumeneko, iye akudina, ine ndikulamula ndili pachulu.

"Achemwali, siyani zimene mukuchita," ndinatero. "Khalani pa sevidori."

"Ndikudya."

"Mudzadya pa maliro anga. Khalani pa sevidori."

Anaseka, koma anakhala. Tinayamba ndi kuiuza sevidori kuti kompyuta ya ku Msumba si yongotumiza zinthu, ili ndi nkhokwe yakeyake. Ndinamuuza atsegule pamene pali mndandanda wa malo osungira, apange malo atsopano, ndipo pofunsa kuti malowo ali pa makina ati, asankhe a ku Msumba, osati a ku Metangula. Anandiwerengera mawu a pa sikirini m'Chipwitikizi chake cha kusukulu ya masisitere, pang'onopang'ono, ine ndikupondaponda pachulu, nyerere zikundikwera m'miyendo. Ana a sukulu anaima chapatali n'kumandionerera. Foni inaduka. Ndinaimbanso. Inadukanso ali pakati pa chiganizo, ndipo zimene ndinanena pamenepo sindingazilembe muno.

Malo atapangidwa, panatsala lamulo lenilenilo. Pa ntchito ya ku Msumba panali polembedwa kuti kope lipite kulikonse kumene kuli malo, ndipo kulikonseko nthawi zonse kunkakhala ku Metangula. Ndinamuuza achotse zimenezo, asankhe malo atsopano aja basi, kuti zojambulidwa ku Msumba ziziyenda pa chingwe chachifupi chija kuchoka pa kompyuta kulowa m'disiki, osakhudza redi. Ku Metangula kuzingopita kauthenga kakang'ono konena kuti zakuti ndi zakuti zasungidwa, kamene ngakhale redi yathu yodwalayi imatha kunyamula.

"Nanga nthawi?" mnzangayo anafunsa. "Pano palembedwa madzulo."

Ndinali nditaiwala. Madzulo disiki imakhala ili m'thumba, panjira ya kunyumba, ndipo mabatire a sola amakhala atayamba kufooka. Ndinati aike masana, dzuwa lili pamutu. Sindinaganize n'komwe zowauza atate kuti asiye kunyamula disiki yawo. Pulogalamu ndi yosavuta kusintha kusiyana ndi munthu amene anawoloka nyanja ndi katundu pamutu, ndipo kunena zoona kope logona kutali ndi makina ndi labwino kuposa logona nawo chipinda chimodzi.

Ndisanadule foni ndinamuuza achite chimodzimodzi ndi makina a ku Kobwe, chifukwa ndinadziwa kuti kumenekonso kuli disiki yopanda kanthu. Kenako ndinatsika pachulu ndikudzikanda.

Nditabwerera m'kachipindako ndinapeza kompyuta yalandira lamulo latsopano. Disiki inaoneka pa mndandanda, yobiriwira. Ndikanatha kukopera mafayilo pamanja, koma pa disiki yodwala kukopera pamanja kumaima pa fayilo iliyonse yovulala n'kumadikira munthu, pamene pulogalamu imadumpha n'kupitirira. Chimene ndinafunika kusankha ndi choti chiyambe n'chiti, popeza zinthu zinali zambiri ndipo makinawo ankawerenga pang'onopang'ono. Kwa ine panalibe chofunsa. Ndinaika chala pa foda ya nyimbo za atate.

Dzanja lawo linagwira mkono wanga.

"Mukuyamba ndi ziti?"

"Zanu, atate."

Anapukusa mutu. Analoza pa sikirini, ngakhale sankadziwa kuti foda iti ndi iti, n'kundiuza kuti ndiyambe ndi za amayi a bungwe la tchalitchi. Zikatha, za akuluakulu amene anafotokoza za ulendo wa ku Malawi. Zikatha, za kwaya ya ana, kenako za asodzi. Zawo zikhale zomaliza.

Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti amayi aja alipo, mawu awo ali nawo, Lamlungu likubwerali akhoza kuimbanso. Ana aja akhoza kuimbanso. Asodzi sasowa cholankhula, ukawapatsa maikolofoni umachita kuwalanda. Koma nyimbo zawo zija palibe amene angaziimbenso. Ndinalankhula mokweza, m'kachipinda kakang'ono, kwa munthu wamkulu amene sakanatha kundikwezera mawu. Anandisiya mpaka nditatopa.

Kenako anandikodola kuti ndiyandikire. Anati mwa amayi amene anaimba m'makinamo, ena anamwalira. Mwa akuluakulu aja, ambiri anapita. Ana awo amawaimitsa panjira n'kufunsa ngati mawu a makolo awo alipo, ndipo iwo akhala akusisita thumba lija n'kuyankha kuti ali muno, musade nkhawa. Anati ananena zimenezo kwa amasiye, pamaso pa anthu, pa maliro enieni.

"Ine ndilipo," ananong'ona. "Mukundiona. Yambani ndi za eni ake."

Ndinayesanso njira ina. Ndinati tigawe, nditenge nyimbo zawo zochepa chabe, zija za pa Pasaka, kenako tipite kwa amayi. Anakana. Anati akayamba kusankha zawo sadzasiya, chifukwa iliyonse adzati iyinso, iyinso. Ndinaona kuti akudzidziwa bwino, ndipo ndinaona kuti kiyi ndi wawo, mawunso ndi awo. Ndinakonza mndandanda monga ananenera, mano ali gwa, ndipo ndinadina kuti iyambe.

Kanyali ka disiki kanayamba kuphethira. Ndinawaonetsa. Ndinati uku ndiko kulemba, zikamalowa kamachita chonchi. Anakayang'anitsitsa kwa nthawi yaitali, n'kunena kuti kale kankangoyaka osaphethira, ndipo iwo ankayesa kuti ndi mmene kamakhalira kakakhuta.

Ntchitoyo inatenga masiku angapo. Tinkayatsa makina dzuwa likakwera, n'kuzimitsa mabatire akayamba kudandaula. Ndinatsegula chivundikiro cha kompyuta, ndinaikweza pa njerwa kuti mphepo izidutsa pansi, ndipo ndinaletsa aliyense kugunda tebulo. Ndinkagona kwa mwana wamkazi wa atate uja, mayi wansangala amene ankandidyetsa chinangwa chophika ndi tiyi m'mawa n'kumandiseka kuti ndikusamalira makina ngati mwana wa malungo. Atate ankakhala pampando pafupi ndi kompyutayo tsiku lonse akuikupiza ndi katoni. Ndinawauza kuti sizithandiza kwenikweni. Anapitiriza kukupiza, ndipo ndinawasiya.

Masana amenewo tinkacheza, ngati kuli kucheza munthu mmodzi akamanong'ona wina akamalongolola. Anandiuza kuti amawadziwa bambo anga, kuti anawolokera bwato limodzi, ndiponso kuti bambo anga ankaimba moipa kwambiri moti ankawaika kumbuyo pafupi ndi chitseko. Ndinaseka mpaka misozi, chifukwa kunyumba bambo ankatiuza kuti iwo ndiwo anali mzati wa kwaya. Nthawi zina phokoso lija linkakula, tsa tsa tsa motsatizana, ndipo tonse tinkasiya kupuma mpaka mzere wa pa sikirini utasunthanso. Za amayi zinatha. Ndinawauza, anagwedeza mutu. Za akuluakulu zinatha, fayilo imodzi yokha ndiyo inadumphidwa, ndipo anandifunsa kuti ndi ya ndani kuti akauze okha abale ake. Za ana zinatha.

Ndinayamba kukhulupirira kuti tipulumuka. Ndinayamba ngakhale kuchita manyazi ndi ukali wanga uja. Tsiku limene za asodzi zinkatha kunali kotentha, mwera utaleka, malata akulira ndi dzuwa. Ndinaona dzina la foda ya atate likutulukira pa sikirini, ndipo ndinawagwira phewa.

"Zanu zayamba," ndinatero.

Anasiya kukupiza, nakhala tsonga. Mzere uja sunasunthe. Phokoso linasintha, linakhala lokhwekhwereza, kenako kunamveka tsa kamodzi kokha, kolimba, ndipo m'kachipindamo munangoti zii. Sikirini inaima. Kanyali ka disiki kanasiya kuphethira.

Ndinazimitsa, ndinadikira kuti izizire, ndinayatsanso. Kompyuta inati siikuona disiki ya m'kati. Ndinaichotsa disikiyo ndi sikuludiraiva, ndinailumikiza ku laputopu yanga, ndinaiika pakhutu. Sinkazungulira n'komwe. Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa ndi zina zimene ndinangomva kwa anthu. Pambuyo pake ndinadzapita nayo mpaka ku Lichinga, kwa amisiri odziwa kuposa ine, ndipo nawonso anapukusa mitu. Koma masana omwewo ndinali nditadziwa kale. Pa lipoti la pulogalamu, pansi pa foda ya atate, panalibe fayilo ngakhale imodzi.

Mawu akuti ndinakuuzani anafika pakamwa penipeni. Ndinawameza, ndipo anandiwawa pomeza. Ndinawauza atate kuti nyimbo zawo sizinalowe. Sanafunse kawiri. Anaika katoni ija pansi, naika manja pa mawondo, n'kumayang'ana khoma. Ine ndinatuluka, ndinazungulira kuseri kwa kachipindako, ndipo ndinalira monga sindinalirire chinthu cha ntchito chiyambire. Ndinkawakwiyira, ndinkawamvera chisoni, zonse nthawi imodzi.

Nditapukuta nkhope ndinabwerera, chifukwa ntchito inali isanathe. Kope silikhala kope mpaka utabweza kanthu kuchokera m'menemo n'kukamva ndi makutu ako. Laputopu yanga inali ndi pulogalamu yomweyo, choncho ndinalumikiza disiki ya atate, ndinasankha fayilo imodzi mwa za amayi, iliyonse, n'kuibweza. Ndinawauza kuti ndingoyesa pang'ono kuti titsimikize, kenako tizipita. Ndinadina.

Poyamba kunamveka mipando ikukhwekhwerezeka, wina akutsokomola, mwana akulira chapatali. Kenako, pafupi kwambiri ndi maikolofoni, panamveka mawu a mwamuna, odzaza, okuya: "Mwakonzeka, amayi? Tiyeni." Ndipo mawuwo anaimba mzere woyamba wa nyimbo, wonse, okha, kuwapatsa amayiwo poyambira. Amayi analowa pa mzere wachiwiri, ndipo mawu aja anasowa m'kati mwawo.

Ndinaimitsa. Atate anali atatembenuka.

Ndinabweza fayilo ina. Chimodzimodzi. Ina ya kwaya ya ana: atate anayamba n'kuwakalipira kuti aleke kuseka, kenako anaimba mzere woyamba kawiri chifukwa anawo sanagwire. Mapulogalamu amene ine ndinkamva pa wailesi anali odulidwa kale, koyambirirako kutachotsedwa. Izi zinali zosadula, monga zinalowera m'makina. Nyimbo iliyonse ya anthu ena inali ndi mzere umodzi wa atate kutsogolo kwake.

Sindinawauze kuti zabwezeretsa chimene chinatayika, chifukwa sizinabwezeretse. Nyimbo zakale zija, zimene iwo okha ankazidziwa mpaka kumapeto, zinapita, ndipo mpaka lero ndikaziganiza mtima umandipweteka. Ndinangobwerera ku fayilo yoyamba ija n'kukweza mawu.

Anamvetsera maso ali otseka, milomo ikuyenda. Amayi atangolowa, anagogoda tebulo ndi chala. Ndinaimitsa. Anandikodola, ndinapendeketsa mutu.

"Ndinkayambira pamwamba kwambiri," ananong'ona. "Amayi awa ankavutika chifukwa cha ine, ndipo palibe anandiuza."

Ndinaseka misozi ikutsika. Iwonso anaseka, kuseka kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka.

"Bwerezani," anatero.

Ndinabwereza. Nyimbo imeneyo sitinaimve mpaka kumapeto tsiku limenelo. Amayi akangolowa, chala chija chinkagogoda tebulo, ine n'kubwerera poyamba.